Mlendo pa Bwalo la Anzeru

M'caka ca 1900 akatswiri a nzeru zakuya anasonkhana ku Paris. Pakati pao panali Bertrand Russell, Mngelezi wa zaka 28. Iye anaona kuti pa mtsutso uli wonse wopambana anali Giuseppe Peano wa ku Turin, popeza anali kulongosola maganizo ace mosasokoneza. Russell sanacite nsanje, koma anapempha zolemba za mkuluyo, nakaziwerenga kwao. Njira imene anaphunziramo inamthandiza polemba buku la Principia Mathematica pamodzi ndi Whitehead.

Ambiri amapita ku bwalo kuti amveke. Koma wotsiriza sukulu amene acita manyazi kupempha nzeru kwa womposa adzabwerera kwao ndi zokhazo zimene anapita nazo.