Tsiku Limene Paipi Inatsokomola

Ife ndife ophunzira a sukulu ya akuluakulu. Mudzi wathu uli pafupi ndi Zóbuè, kumalire a Mozambique ndi Malawi. Masana timakhala kumunda. Madzulo timakumana kuti tiphunzire kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Ena mwa ife anayamba kugwira pensulo mu 1978, pamene boma linayambitsa ntchito yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse. Nkhondo inawadukiza, ndipo ambiri anathawira ku Mwanza. Lero abwereranso pa benchi ali ndi imvi.

Chaka chatha tinali ndi vuto la nyali. Koloboyi amafuka utsi, ndipo maso a okalamba saona bwino zilembo. Tinagwirizana kuti tigule nyali ya sola. Koma ndalama tikanazipeza kuti? Amayi ena anati, "Tiyeni tifulule mowa, tikagulitse ku Moatize kumapeto kwa mwezi, anthu a kumigodi akalandira." Tonse tinavomera. Banja lililonse linapereka chimanga. Ena anapereka chimera, ena nkhuni, ena anatunga madzi.

Mowa unapsa bwino. Tinausefa, nkuuthira mumgolo wa malita 200. Wotsala tinauika m'zigubu ziwiri. Poopa kuti ungatayike m'njira, tinatseka zivundikiro zolimba kwambiri. Apa ndi pamene tinalakwira koyamba, koma sitinadziwe.

Kuchokera ku Zóbuè kufika ku Moatize ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Kwathu ndi kumapiri, ndipo m'mawa kumazizira. Ku Moatize ndi kuchigwa, kufupi ndi mitsinje ya Revúbuè ndi Zambezi. Mwezi wa Okutobala dzuwa lake limaotcha ngati moto. Lole inatigwedeza njira yonse. Titadutsa Cambulatsitsi tinamva kuti phuu! Chigubu chimodzi chinali chitaphulika, mowa uli mbwee pa matumba a anthu. Titafika, tinapeza mgolo utatupa. Potsegula, thovu linatumphuka mpaka kunyowetsa zovala zathu.

Tinaika mgolo pabwalo la mbale wathu wina. M'kalasi tinali titaphunzira za kolera, choncho sitinafune kuti aliyense aziviika chikho ndi dzanja mumgolo. Tinabwera ndi paipi yoonekera mkati, yoti izikoka mowa kuchokera pamwamba pa mgolo kutsikira mu jagi. Paipiyo inali yaifupi. Tinailumikiza ndi ina, nkumanga polumikizapo ndi mphira.

Mowa unayenda pang'ono. Kenaka paipi inayamba kutsokomola. Inkalavula thovu, nkuima, nkulavulanso. Jagi inkadzaza msanga, koma thovu likatsika munkatsala mowa wa theka. Ogula anayamba kudandaula. Wina anati, "Inu a ku Zóbuè, mwabwera kudzatigulitsa thovu?" Ena ananyamuka kupita kwina.

Mitima yathu inatentha. Mayi wina anayang'ana mnzake nati, "Amayi, paja inu simunafune za ulendowu. Mwauchita chiyani mowawu?" Mnzakeyo analira. Iwo anakulira limodzi, ndipo ana awo anakwatirana. Tinaona kuti tikhoza kutaya mowa, nyali, ndi kalasi yomwe.

Pakati pathu panali agogo ena aamuna amene anagwirapo ntchito m'migodi ya malasha ya pansi pa nthaka. Iwo amakumbukira zaka za 1976 ndi 1977, pamene migodi ya Chipanga inaphulika nkupha anthu ambiri. Anaimirira nati, "Ana anga, khalani pansi. Mpweya suoneka, koma si mfiti. Kumgodi tinkauyeza. Tiyeni tiuyeze."

Anayatsa machesi, nkutsitsira pang'onopang'ono pakamwa pa mgolo. Moto usanafike pa mowa, unazima. Anayatsanso, unazimanso. Anati, "Mwaona? Mpweya wa mumgodi umene unapha anzathu umayaka. Uwu umazimitsa moto. Koma musadzayese zimenezi pa kachasu kapena pa mgolo wa petulo."

Aphunzitsi athu anatifotokozera kumene mpweyawo umachokera. Chimera chimasandutsa ufa wa m'phala kukhala shuga. Nchifukwa chake thobwa limatsekemera. Kenaka tizamoyo tating'ono kwambiri, totchedwa yisiti, timadya shugayo. Tikadya, timatulutsa zinthu ziwiri: ukali umene umaledzeretsa, ndi mpweya. Mpweyawu ndi womwewo umene timatulutsa ife popuma, ndiponso umene umatupitsa mandasi. Munthu wina wa ku France, dzina lake Louis Pasteur, anayamba kuonetsa mu 1857 kuti kuwira kotere ndi ntchito ya tizamoyo. Makolo athu sankatidziwa dzina, koma ankadziwa kutisunga. Paja mbiya yakale ya mowa imawiritsa msanga kuposa yatsopano.

Mowa wamasese umagulitsidwa uli wamoyo. Tizamoyo timapitiriza kudya, ndipo mpweya umapitiriza kutuluka. Agogo anatikumbutsa za paketi ya Chibuku imene timaiona kutsidya, ku Mwanza. Pamwamba pake pamakhala kabowo kopumira. Ife tinali titatseka mowa wathu pakamwa kwa ulendo wonse.

Aphunzitsi anatulutsa kope ndi pensulo. Anati, "Tisasinthe zonse nthawi imodzi. Tiyang'ane chinthu chimodzi, tikonze, tilembe zimene taona." Amene analemba ndi mayi analira uja, chifukwa ndiye ali ndi dzanja labwino.

Tinagwada nkuyang'anitsitsa paipi. Tinaona kuti timathovu tinali ta mitundu iwiri. Tina tinali tatikulu, ndipo tonse tinkayambira pamalo amodzi, pamene tinalumikiza mapaipi. Mowa ukamatsika, unkakoka mpweya wakunja kudzera pampata wa mphira. Tinachotsa paipi yachiwiri. Tinakweza mgolo pa njerwa kuti paipi imodzi ikwanire. Timathovu tatikulu tinatha. Mayi uja analemba kuti: "Polumikiza pamalowa mpweya."

Koma timathovu tating'ono tinalipobe. Iti tinkabadwira mu mowa momwemo, makamaka pamene dzuwa linkaomba paipi. Aphunzitsi anatifunsa kuti, "Botolo la zakumwa lozizira ndi lotentha, limene limatumphuka potsegula ndi liti?" Tonse tinayankha kuti lotentha. Chakumwa chozizira chimasunga mpweya wambiri. Chikatentha, chimautaya. Chikagwedezeka, chimautaya msanga. Komanso kukatentha tizamoyo timadya mofulumira. Mowa wathu unachoka kozizira, unafika kotentha, ndipo unagwedezeka njira yonse. Tinasunthira mgolo pansi pa mtengo wa mango. Tinaukuta ndi masaka onyowa, nkuusiya kuti upume kwa ola lathunthu. Mayi uja analemba kuti: "Mowa umafuna mthunzi ndi kupuma."

Titayambanso, mowa unayenda bwino, koma patapita nthawi unaima. Tinapeza kuti mpweya wasonkhana pamwamba penipeni, pamene paipi inapinda pa mlomo wa mgolo. Mpweya ndi wopepuka, ndipo umakwera. Ukapeza phiri mu paipi, umakhala pomwepo nkudula mowa pakati. Paipi yathu inali itakwera kwambiri, chifukwa tinaikoleka pa nthambi. Tinaitsitsa kuti ingodutsa pa mlomo nkutsetsereka, popanda kukweranso kwina. Mayi uja analemba kuti: "Paipi isakhale ndi phiri."

Chinanso chinali kunsonga ya mkati. Ikakhala pamwamba, imayamwa thovu. Ikagwera pansi, imatsekeka ndi masese. Tinaimangirira ku kamtengo koyera kuti ikhale pakati. Potsiriza tinaphunzira kuthira. Mowa ukagwa kuchokera patali umachita thovu. Tinayamba kupendeketsa jagi kuti mowa uzitsetsereka m'mbali mwake.

Dzuwa litapendeka, paipi inasiya kutsokomola. Jagi inkadzaza mowa weniweni. Ena mwa ogula anabwerera, ndipo anaitana anzawo. Tinagulitsa mpaka mdima. Koma zimene zinatayika zinali zitatayika. Titawerengera ndalama pa kope, tinapeza kuti sizikwana nyali. Tinabwerera kwathu ndi theka lokha.

Pa lole panali zii. Tili pafupi kufika, mayi ananena mnzake uja anasendera nati, "Amayi, pakamwa panga panathamanga. Mundikhululukire." Mnzakeyo sanayankhe msanga. Kenaka anamupatsa kope nati, "Werengani zimene ndalemba." Mayiyo anawerenga movutikira, chilembo ndi chilembo, mpaka mzere wotsiriza. Onse awiri anaseka.

Mwezi wotsatira tinafululanso. Ulendo uno tinatsata kope lathu. Tinanyamuka usiku kukali kozizira. Mgolo sitinaudzaze mpaka pakamwa, ndipo chivundikiro tinachisiyira kampata kopumira. Titafika tinauika pamthunzi, nkuphimba pakamwa ndi nsalu yoyera kuti ntchentche zisalowe. Tinabwereka mgolo wokhala ndi mpopi chakumunsi, choncho mowa sunafunikenso kukwera phiri. Palibe chigubu chinaphulika. Ndalama zinakwana, ndipo nkhani ino tailemba pa kuwala kwa nyali yathu.

M'kope muja tawonjezamo zina za ukhondo. Paipi tiziitsuka ndi madzi otentha tikangomaliza, chifukwa zotsalira zimasasitsa mowa wotsatira. Tisamayamwe paipi ndi pakamwa pofuna kuti mowa uyambe kuyenda. Tiziidzaza kaye ndi madzi owiritsa, titseke ndi chala chosamba, kenaka titsitse nsonga. Paipi imene inakokapo petulo, ndi mgolo umene unasungapo mankhwala a mbewu, zisayandikire chakumwa ngakhale zitatsukidwa. Agogo aja anatiuzanso kuti migolo yambiri ya mowa wowira isamakhale m'kachipinda kotseka mmene mukugona anthu. Mpweya wake ndi wolemera, umakhala pansi, ndipo umene umazimitsa machesi ukhoza kukomola munthu.

Anzathu, sitikunena kuti tizimwa kwambiri. Tonse tikudziwa mabanja amene mowa unawapasula. Ife timafulula pa dima, pa ukwati, pa maliro, ndi pofuna kandalama. Ngati tifulula, tidziwe chimene chikuchitika mumgolo. Tsiku lija ku Moatize tinatsala pang'ono kutaya mnzathu chifukwa cha mphira womanga mosalimba ndi dzuwa la Okutobala. Tsopano chinthu chikavuta, kaya ndi mjigo, kaya ndi njinga, kaya ndi mbewu yosamera, wina amayamba kunena kuti, "Bweretsani kope."

Tikambirane:

1. Kodi mpweya wa mu mowa umachokera kuti?
2. Nchifukwa chiyani chigubu chinaphulika pa lole?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zinachititsa paipi kutsokomola.
4. Mgolo wa malita 200 ukataya malita 45, mumatsala malita angati?
5. Kodi m'mudzi mwanu munthu ananenedwapo pa chinthu chimene chinali ndi chifukwa china? Lembani mizere iwiri.