Kwa anzanga a padoko, kuchokera ku Chiradzulu: za mabuku

Uthengawu ndi wautali, nde amene muli pa ntchito ingousungani, mudzawerenge tsiku limene mwera wakukanizani kulowa m'madzi. Ndikufuna tikambirane za mabuku. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti makaniko wa maboti zimenezi waziyamba liti, koma dekhani kaye mumve.

Ambiri mukudziwa kuti uno ndi mwezi wachitatu ndili ku Chiradzulu. Ntchito ya mainjini itachepa kwathuko, amalume anandiitana kuti ndidzathandize kukonza mapampu a petulo amene anthu amathirira nawo tomato ndi kabichi m'madimba, komanso njinga zamoto za akabaza. Kuno kulibe nyanja aise. Ukadzuka umangoona phiri, usipa umafika utauma kale komanso wodula, ndipo usiku umatalika chifukwa palibe nyali za kauni zoti uziyang'ana. Pafupi ndi pamene ndikukhala pali madala ena, mphunzitsi wopuma. Nditawakonzera pampu, ndalama inawaperewera, nde anati, "Mwanawe, yotsalayo udzalandira mwezi ukatha, koma lowa m'nyumbamu usankhe buku, ukamaliza udzabweze utenge lina." Ali ndi makatoni awiri ndi sutikesi yachitsulo, zonse mabuku okhaokha, ena chiswe chinalawako kale.

Loyamba ndinatenga The Pearl la John Steinbeck, lija ambirife tinakumana nalo ku sekondale. Linatuluka mu 1947, koma mukaliwerenga popanda mantha a mayeso mudzaona kuti likukamba za padoko pathu. Kino ndi munthu wa bwato ku Mexico. Mwana wake walumidwa ndi chinkhanira, dokotala wakana kumuthandiza chifukwa bambo ake alibe ndalama. Kenako Kino wapeza ngale yaikulu pansi pa nyanja, koma ogula onse m'tauni ndi a bwana mmodzi, anapangana kale mtengo. Inu simunaonepo zimenezi? Boti likufika m'mamawa ndi usipa, ogula asanu aima pamchenga, aliyense akutchula mtengo womwewo ngati anagona nyumba imodzi. Ndipo chimene Kino ankalakalaka kwambiri pa ngale ija chinali chakuti mwana wake apite kusukulu, kuti m'banjamo mukhale munthu wodziwa zimene zalembedwa, asamangouzidwa.

Pamenepo ndinatseka kaye bukulo, chifukwa ndinakumbukira bambo anga. Ena mukuidziwa nkhaniyi. Anakongola ndalama kwa munthu wina wachuma kuti agule chilimira chatsopano. Pakamwa anauzidwa kuti azibweza pang'onopang'ono malinga ndi mmene nsomba zikuphedwera. Papepala panalembedwa zina, zoti akadumphitsa miyezi iwiri injini ipita. Iwo anadinda chala. Mwera unavuta chaka chimenecho, injini ya 15 inapitadi, ndipo nkhani yoti ine ndipitirize maphunziro inathera pomwepo. Bambo anga amadziwa nyanja kuposa aliyense amene ndinakumana naye. Amatha kuyang'ana mitambo ya kutsidya n'kukuuza kuti lero tisapite. Koma pepala limodzi linawagwetsa pamtunda pouma. Nde ndikamanena za mabuku sindikunena zodzionetsera ayi.

Madala aja atamva zimenezi anandipatsa buku lonenepa, Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958. Ndi mbiri ya John Chilembwe, yemwe uja tili naye pa K2000 ndipo timapuma pa 15 January chifukwa cha iye. Chingerezi chake ndi cholimba, ndinkayenda masamba ochepa patsiku, koma ubwino wake malo amene akutchulidwawo ali pompano. Lamulungu lina ndinakwera kabaza mpaka ku PIM, ku Mbombwe, kumene Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake mu 1900 atabwera kuchokera ku America, komwe anapita ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Kusukulu tinaloweza zoti anaukira atsamunda pa 23 January 1915 ndipo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho. Zimene sitinkazikamba kwambiri n'zakuti zaka zonse za m'mbuyomo munthuyu ankamanga masukulu. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce kumene anthu ankagwira thangata, oyang'anira ankawotcha timatchalitchi taudzu ta PIM timene tinalinso masukulu. Ndinadzifunsa kuti munthu wa minda yaikulu choncho, kasukulu kaudzu kamuopsa chiyani? Yankho langa ndi lakuti wantchito wodziwa kuwerenga amawerenganso kaundula wa malipiro. Boma litagonjetsa kuukirako linaphwasula tchalitchi cha njerwa cha Chilembwe, ndipo mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu.

China chimene chinandisangalatsa: mmodzi mwa Amalawi oyambirira kulemba nkhani ya Chilembwe anali wa kunyanja ngati ife, George Simeon Mwase, Mtonga. Zolemba zake zinakhala zaka zambiri zisanasindikizidwe, mpaka zinatuluka mu 1967 ndi mutu wakuti Strike a Blow and Die. Ndipo pamene tikutchula a kunyanja, tisaiwale Jack Mapanje wa kwa Kadango ku Mangochi kwathu. Ndakatulo zake za mu Of Chameleons and Gods, la mu 1981, zinasowetsa tulo akuluakulu a nthawi imeneyo. Anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nde munthu asakunamizeni kuti mwana wa kunyanja mutu wake ndi wa usipa basi.

Tsopano za sayansi, amakaniko anzanga tcherani khutu. The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. Ena munaonera filimu yake ya 2019 pa foni, koma bukulo lili ndi zambiri zimene filimu inadumpha. William ndi wa ku Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera fizi, iye n'kusiya sekondale. M'malo mokhala pa bawo tsiku lonse ankapita ku kalaibulale ka pa pulayimale, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, nde ankatsata zithunzi ndi mizere yolozera mayina a zipangizo. Anatola fani ya thirakitala, felemu ya njinga, dayinamo ndi mapaipi apulasitiki, n'kuimika pa mitengo ya bulugamu mpaka babu linayaka m'nyumba. Anthu ankamunena kuti wapenga. Anadzamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014.

Ine pamenepo ndinadziona ndekha, chifukwa kabuku ka injini ya Yamaha kaja kamene eni maboti ambiri amakataya pamodzi ndi katoni, nanenso ndinakaphunzira potsata zithunzi. M'menemo muli mlingo wa oyilo wosakaniza ndi petulo, muli mpata woyenera wa pulagi, muli chenjezo loti injini isalizidwe pamtunda popanda madzi chifukwa kamphira kopopa madzi oziziritsa kamapsa msanga. Mainjini ambiri amene amandipeza atagwira, anafa ndi zinthu zimene zinalembedwa kale m'kabuku kamene mwini wake anakulungira nsomba. Paja safunsa anadya phula. Buku ndi munthu woti ukhoza kumufunsa kakhumi osakukalipira.

Palinso mabuku a nsomba zathu zomwezi. Madala aja alibe, koma anandiuza za The Cichlid Fishes of the Great Lakes of Africa la Geoffrey Fryer ndi T. D. Iles, la mu 1972. Fryer anachita kafukufuku wake ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo dzina loti mbuna, limene lero azungu oweta nsomba m'magalasi amalitchula dziko lonse, linachokera kwa asodzi a Chitonga. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi, n'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1984. Asayansi analemba zimene tonse tinaona ndi maso tikutumbula chambo: chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Ukachikola nthawi yoswana wapha banja lonse. Nkhani yotseka nyanja ija gwero lake ndi pamenepo, ngakhale kuti ikafika m'nyumba mumalowa njala ndipo tonse timadandaula. Koma taonani izi: mayina anapereka ndi agogo athu, malo oswanira analoza ndi agogo athu, opalasa bwato anali agogo athu, pachikuto pali mayina a eni cholembera. Sindikuwada, anagwira ntchito yawo bwino. Funso langa ndi lakuti ife tikudikira ndani?

Za ana nazo zilipo. M'katoni muja ndinapezamo Galimoto la Karen Lynn Williams, la mu 1990, nkhani ya kamnyamata kotchedwa Kondi ka m'mudzi wa kuno ku Malawi, kamene kakuyendayenda tsiku lonse kusaka mawaya kuti kapange galimoto yake. Ana a ku America akhala akuliwerenga zaka zonsezi, pamene ana athu amene amapangadi magalimoto amawaya sanalionepo. Ndinaliwerengera adzukulu a madala aja ndikumasulira m'Chichewa, ndipo mawa lake pakhomo panadzaza ana khumi ndi mawaya awo, ena kudzapempha pulayala yanga. Nkhani ya Kamkwamba nayonso ili ndi buku la ana la zithunzi, la mu 2012. Izi zikundikhudza chifukwa mwana wa achemwali anga ali Sitandade 4 koma akaona mawu aatali amangoyang'ana kumbali, ndipo wayamba kale kujomba kuti akathandize kuyanika usipa pa thandala, apatsidwe K200. Ndikamuona ndimaona chala cha agogo ake chili mu inki.

Amene Chingerezi chimakutopetsani musati nde basi zatipitirira. Nthondo la Samuel Josia Nthara linalembedwa m'chinenero chathu, linapambana mpikisano wa olemba a mu Africa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Taganizani, azungu ndi amene anachita kudikira kumasuliridwa. Nthondo ndi mnyamata wovuta, wakuba, wothawira kutali kukasaka ntchito, amene pamapeto pake anadzakhala mfumu. Aliyense wa ife akudziwa Nthondo mmodzi pa gulupu pano, musatchule dzina. Palinso Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, ndi Kokha Mcheperawakalulu la E. J. Chadza. Funsani makolo amene anafikako kusukulu, muona nkhope zawo zikuwala. Mabuku amenewa sanathe, ali m'masutikesi pansi pa mabedi, akudyedwa ndi mphemvu.

Nde pempho langa ndi ili. Ndikabwerera mwezi wamawa ndibwera ndi mabuku 9 amene madala aja andilonjeza, m'malo mwa ndalama yotsala ija. Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, ndalamayo isiyeni, mundipatse mabuku," iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndikhoma kabokosi kathabwa m'shedi mwanga muja, pamwamba poti oyilo asafikepo. Aliyense amene ali ndi buku kunyumba, kaya la Fomu 2 lopanda chikuto, kaya la nthano, kaya kabuku ka injini, abweretse, tilemba dzina lake mkati. Kubwereka ndi ulere, sabata ziwiri, ndipo tizilemba m'kope. Wonyowetsa buku m'boti agula lina, apo palibe chibale. Loweruka masana, nthawi imene alovi akugona, ndikufuna anthu awiri odzipereka kuti aziwerengera ana pansi pa mtengo kwa ola limodzi. Atsikana amene munamaliza Fomu 4, mbali iyi tikudalira inu, koma anyamata musabisale kuseri kwa maukonde.

Chachiwiri, ndigula kope lina lachikuto cholimba. Limenelo ndi lolembamo ife. Aliyense akhale pansi ndi bambo ake kapena agogo ake, awafunse mayina a mphepo ndi zizindikiro zake, mwera, mpoto, vuma, malo amene utaka umakonda, nsomba zimene zinkaphedwa kale koma pano sizikuonekanso, chaka chimene nyanja inadzaza mpaka kumiza nyumba. Lembani mmene akunenera, Chichewa, Chiyao, Chitonga, zilibe kanthu. Akuluakuluwa akupita mmodzimmodzi, ndipo aliyense akupita ndi katoni yake ya mabuku m'mutu.

Chachitatu ndi chachifupi: kholo lanu likaitanidwa kukadinda chala pa pepala lililonse la ngongole, pitani nalo, muwerenge mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale mwini ndalama akwiye.

Amene muli ndi buku lembani mutu wake pa gulupu pano kuti tidziwe tiyamba ndi angati. Amene muli ku Joni, mukamatumiza katundu ponyanimo buku limodzi la ana, silemera. Tumizani uthengawu ku magulupu a madoko ena, mwina nawonso angakhome kabokosi kawo. Moni kwa onse, ndipo amene akubwera ku Limbe sabata ino anditengereko usipa wofutsa, kuno ndatopa ndi nandolo.