Akakowa a kudambo la ku Nsaru

Mukachoka pamsika wa Nsaru, kusiya masikelo a mavenda a soya ndi mtedza, n'kutsetsereka ndi kanjira ka ngolo, mumafika kudambo. M'mwezi wa Seputembala kumtunda kumakhala kuli gwaa, fumbi lokhalokha, koma kudambo kumabiriwira ndi madimba a tomato, mpiru ndi chimanga. Kumeneko n'kumene ife a gulu la zaumoyo la pampingo timakayenda ndawala Lamlungu lililonse m'mamawa, pamodzi ndi amayi ndi abambo amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

M'mphepete mwa dimba lina muli mkuyu waukulu. Ndi pamene timapumulira, ndiponso ndi pamene akakowa amagona. Kukamacha amanyamuka onse kukalondola ng'ombe, kuti azikatola ziwala zimene ng'ombezo zimavumbulutsa mu udzu. Pamphanda ya mtengowo pali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati mtolo wa nkhuni.

Tsiku lina tinamva kuti mwini dimba akufuna kugulitsa mkuyuwo kwa owotcha njerwa. Tinagwirizana zokadandaula kwa amfumu, koma tinaona kuti pakamwa pokha sipakwana. Tinkafuna akaone okha mbalamezo zikunyamuka.

Sabata yoyamba tinabwerako manja ali m'khosi. Pa mafoni athu anayi, zithunzi zina zinali mbuu ngati utsi, zina thambo lokha, china chinagwira mchira basi. Kamnyamata kena kabusa, legeni ili m'khosi, kankationera patali kakuseka.

"Amayi, mwaima polakwika," kanauza mmodzi wa ife. "Mbalame ikamanyamuka imayang'ana kumene kukuchokera mphepo. Inu mwaima kumbuyo kwake."

"Nanga tiime pati, mwanawe?"

Kanatitengera kum'mawa kwa mtengo. M'miyezi imeneyi mphepo imakonda kuchokera chakum'mawa, ndipo dzuwa nalo limatulukira komweko. Tinapezeka kuti dzuwa ndi mphepo zonse zili kumsana kwathu, akakowa akubwera chakumaso, kuwala kukuwamenya pamapiko. Kanatiuzanso kuti kakowa akafuna kuuluka amayamba wanyonyomala pang'ono, choncho tisamadikire kuti achoke panthambi. Zonsezi kanaziphunzira posaka mbalame zomwezo.

Zina tinaziphunzira poyesayesa, ndipo inunso mukhoza kuziyesa. Choyamba, pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa fumbi la kuno ndi thukuta la m'manja n'zimene zimayambitsa mbuu. Chachiwiri, musakoke chithunzi ndi zala kuti mbalame ikule. Pa mafoni ambiri kutero kumangochiwononga. Ndi bwino kufika msanga, kukhala pansi pafupi, osavala zowala, n'kudikira. Chachitatu, itsateni mbalameyo ndi foni, zigongono zili m'nthiti, mukutembenuka ndi chiuno, ndipo musaime mukadina batani. Mafoni ambiri ali ndi njira yojambula zithunzi zambiri motsatizana, ndiye mumadzasankha chabwino kunyumba.

Pa mafoni awiri tinapezapo gawo lolembedwa Pro. Mmenemo muli chilembo S, chosonyeza nthawi imene diso la kamera limakhala lotseguka. Likatseguka nthawi yaitali, mapiko amasanduka utsi. Kwa akakowa, amene amakupiza mapiko mosafulumira, 1/1000 ya sekondi inatikwanira. Mbalame zaliwiro zimafuna 1/2000 kapena kuposa. Koma liwiro limeneli limafuna kuwala kokwanira, choncho tinkadikira kuti dzuwa lituluke ndithu. Chinanso, kakowa ndi woyera, ndipo dzuwa likamumenya nthenga sizioneka, amangokhala chibanthu choyera. Tinkagunda pasikirini n'kutsitsa kuwala pang'ono. Tinaonanso kuti chithunzi chimakoma mbalame ikamadutsa kutsogolo kwa mitengo kapena bango kusiyana ndi pathambo loyera.

Sabata yachitatu tinajambula zithunzi zoposa 200, koma zabwino zinali zitatu. Pa chimodzi, akakowa asanu ndi awiri akuchoka mumkuyu, miyendo ili lende, chisa cha nantchengwa chikuoneka pambali. Tinakachitsukitsa pamsika n'kupita nacho kwa amfumu.

Amfumu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitanitsa mwini dimba. Bamboyo sanabise: mwana wawo anali atasankhidwa kupita ku Fomu 1 ndipo fizi inali isanakwane. Apa tinachita manyazi, chifukwa ife tinkangoganiza za mthunzi ndi mbalame. Tinakambirana mpaka masana. Pomaliza anavomera kugulitsa bulugamu wa kumunda kwawo m'malo mwa mkuyu, ndipo ife tinasonkha yotsalayo. Tinalonjezanso kuti nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala tidzawathandiza kudzala mbande zina. Za chaka chamawa sanalonjeze, ndipo sitinawakakamize.

Akatswiri amati m'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo alendo amachoka kutali kudzaziona ku nkhalango ya Dzalanyama. Ife kudambo kwathu tawerengapo njiwa, apumbwa, akhungubwe, mpheta ndi kabawi amene amazunguza anapiye m'mudzi. Tinaonanso kuti amayi ena amene ankajomba kuyenda tsopano ndi amene akumayamba kufika, poopa kupeza akakowa atanyamuka.

Kamnyamata kaja legeni sikanataye, koma kakationa kamabwera kudzapempha foni, ndipo zithunzi zake zimaposa zathu. Panopa tonse tikulimbana ndi anamzeze. Ena mwa iwo amafika kuno cha mu Okutobala kuchokera ku Ulaya, n'kubwerera cha mu Epulo. Amauluka chapansipansi pamwamba pa madimba, kukhota mosachenjeza, ndipo mpaka lero palibe wa ife amene wagwira ngakhale mmodzi bwinobwino. Mukadzafika ku Nsaru Lamlungu, mudzatipeza pamkuyu paja isanakwane 6 koloko. Mudzatenge madzi akumwa ndi foni yotchaja.