Kalata kwa mphwanga: amayi, imvi zawo ndi kamera ya pafoni



Kukana kwa amayi kujambulidwa ndi foni, kumene achinyamata a ku Chelstone amakutcha manyazi a ukalamba, kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya mmene chithunzi chinalowera m'moyo wa anthu a mu Lusaka. Kamera inafika m'chigwa cha Zambezi ili m'manja mwa alendo, pamene John Kirk ndi Charles Livingstone ankajambula pa ulendo wa David Livingstone umene unayamba mu 1858, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda ankaoneka pachithunzi monga mmene mlendo wafunira. Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, zinthu sizinasinthe msanga, chifukwa m'zaka zotsatira makamera ankapezeka m'nyumba za azungu ku Woodlands ndi ku Kabulonga, osati m'nyumba zozungulira zofolera ndi udzu za ku Kabwata.

Chimene chinabwezera munthu wamba mphamvu pa nkhope yake ndi situdiyo, kutanthauza sitolo imene munthu amalipira kuti ajambulidwe. Imodzi mwa zodziwika inali Fine Art Studios ya pa Chachacha Road, ndipo ojambula ena anatsegula zawo m'makomboni, monga Alick Phiri amene anayambitsa Kwacha Photo Studio ku Kanyama mu 1983. Kupita kumeneko kunali mwambo wokonzekera kuyambira dzulo lake: chitenje chinkasitidwa, duku linkamangidwa mobwerezabwereza mpaka litakhala, nsapato zinkapukutidwa, ndipo wosowa jekete ankabwereka kwa mnansi popanda womuseka. Pakhoma pankapachikidwa nsalu, pambali pankaikidwa mpando kapena maluwa apulasitiki, ndipo wojambula sankadina kamera mwini nkhope asanakhazikike, pakuti filimu inali yodula ndipo inkatha. Kenaka pankakhala masiku odikira kuti chithunzi chitsukidwe m'chipinda chamdima kuchokera ku negetivu, kapepala koonekera mkati kamene zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera. Chikatuluka chosasangalatsa, mwini wake ankachibisa pansi pa sutikesi, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Zithunzi zina eni ake sankabwera n'komwe kudzazitenga. Mu 2018 Sana Ginwalla anapeza zambiri zotere zitasiyidwa ku Fine Art Studios, ndipo zinakhala chiyambi cha ntchito yosunga zithunzi zakale yotchedwa Zambia Belonging. Woziyang'ana amaona msanga kuti palibe amene anadzidzimutsidwa: aliyense anaima mmene anafunira kukumbukiridwa.

Boma nalo linali ndi chithunzi chake. Chitupa cha atsamunda, chimene anthu anachitentha pa zipolowe za Cha Cha Cha mu 1961, chinalowedwa m'malo ndi National Registration Card, imene anthu amangoitcha reji, ndipo nzika imaitenga ikakwanitsa zaka 16. Nkhope ya pa reji sikalamba, kotero kuti gogo amene ali pamzere kubanki amapereka kwa kalaliki mtsikana wa masaya osalala, kalalikiyo n'kumayang'ana uku ndi uku kuti atsimikize. Anthu a msinkhu wa amayi anazolowera motero kuti chithunzi chimasunga munthu pa nthawi imene anali bwino.

Foni inaphwanya dongosolo lonseli. Imajambula munthu akutafuna, akusinza pampando kapena atavula duku, imajambula kakhumi pa kanthawi kochepa, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzicho chimakhala chafika pa WhatsApp kwa abale a ku Chipata ndi ku Johannesburg mwini wake asanachione. Kunena kuti amayi akuthawa makwinya n'kulakwitsa, pakuti imvi pachikhalidwe chathu ndi ulemu, ndipo Kenneth Kaunda, amene anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 97, ankaima pamaso pa makamera ndi mutu woyera ndi kansalu kake koyera m'manja popanda womuona ngati wachepa. Chimene amayi akukana ndi kulandidwa mpata wokonzeka. Zosefera za pafoni, zimene zimasalaza khungu ndi kuliyeretsa, zimangoonjezera chipongwe, chifukwa zimauza kholo kuti nkhope yake yeniyeni ikufunika kukonzedwa ndi mwana.

Palinso nkhani imene mabanja sakonda kuitchula. Okalamba a mu Lusaka apita kumaliro ambiri ku manda a Leopards Hill, ndipo amadziwa kuti chithunzi chimodzi ndicho chidzasindikizidwa pa pulogalamu ya maliro, pa malaya ndi pa chitenje cha olira, ndiponso kuti ana amachisankha mofulumira pa zimene zili m'foni. N'chifukwa chake amayi, akauzidwa tsiku lisanafike, amavomera mosavuta, amavala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a kumpingo, amasankha okha pokhala, ndipo amapempha kuti aone chithunzicho asananene ngati chisungidwe kapena chifufutidwe.

Mkulu wako,
ku Kabwata