Ku Gillingham, kwawo kwa bwenzi la mfumu

Buku la Shōgun la James Clavell, lomwe lidatuluka mu 1975, lidandisowetsa tulo milungu itatu. Limasimba za woyendetsa sitima ya pamadzi wa ku England yemwe adasanduka bwenzi la wolamulira wa ku Japan. Nditamva kuti nkhaniyi idachokera pa moyo wa munthu weniweni, William Adams, ndidakwera sitima ya pamtunda ku London kukaona kwawo ku Gillingham, m'mbali mwa mtsinje wa Medway.

Ndi tauni wamba, abale. Ndidapeza tchalitchi cha St Mary Magdalene komwe adabatizidwa mu 1564, kenako chipilala cha wotchi chomukumbukira pamsewu wa Watling Street. Galimoto zinkangodutsa, woimapo ndidali ndekha.

Adams adafika ku Japan mu 1600. Tokugawa Ieyasu adamukonda, adamupatsa malo ndi ulemu wa samurai, koma sadamulole kubwerera kwawo. Chilolezo chitaperekedwa mu 1613, mwiniwake adasankha kukhala. Adamwalira ku Hirado mu 1620 asadaonanenso ndi mkazi wake Mary. Ndalama zokha ankatumiza ndithu.

Zimenezi zidandilasa mtima. Inenso pochoka ku Zomba ndidati zaka ziwiri basi, koma lero zakwana 9. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi.

Ndidaimba foni ndili pachipilala pomwepo.

“Amayi, Khirisimasi ino ndikubwera.”

Adaseka. “Chaka chatha udateronso, mwanawe. Nkhuku yako yakalamba.”

Tikiti ndidagula usiku womwewo.