Kalata kwa mwana wanga wopita ku Moatize

Furancungo, boma la Macanga

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza mawu a pakamwa sakhalitsa m'makutu a munthu amene mtima wake uli kale paulendo, ine ndi amayi ako taona kuti nkoyenera kukulembera zimene zili kukhosi kwathu, kuti ukakhazikika ku Moatize ndi kuyamba kulandira malipiro, uzikawerenga modekha ndi kuzisinkhasinkha.

Udziwa kuti ife kuno ndalama timaiona kamodzi pachaka. Tikatenga mbewu ya fodya ndi feteleza pangongole ku kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, tikafesa nazale, kuokera, kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa, pa nthawi ya msika kampani imayamba yachotsa zake, ndipo chotsalacho ndicho chiyenera kutiolotsa mpaka chaka china. Moyo umenewu, ngakhale uli wowawa, umamphunzitsa munthu kuwerenga miyezi ya njala isanafike. Koma ndalama ya pamwezi imene iwe ukupita kukaidya ili ndi chinyengo chake, pakuti imamnong'oneza mwini wake kuti ibweranso mawa, ndipo iye, pokhulupirira mawu amenewo, amafika pa ukalamba manja ali m'khosi. Migodi ya malasha ya ku Moatize imene kampani ya Vale inatsegula mu 2011 inagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Ngati eni mgodi amasintha chomwecho, nanga iwe wolembedwa ntchito ungadalire bwanji kuti mawa lidzafanana ndi lero?

Choyamba chimene ndikupempha, ndipo ndichigogomeza koposa zonse, ndi chakuti dzina lako likalembedwe ku thumba la penshoni la INSS m'mwezi womwewo umene udzayambe ntchito. Lamulo likuti pa malipiro ako azidulapo 3 pa 100 iliyonse, abwana aziwonjezerapo 4, ndipo zonse 7 zizipita ku thumba limenelo. Mwamuna akakwanitsa zaka 60, kapena mkazi zaka 55, atasonkha miyezi 240, ndiko kuti zaka 20, amalandira penshoni kufikira tsiku lake lomaliza. Ine bambo ako ndilibe zimenezi, ndipo tsiku limene msana udzakana khasu ndidzayang'ana kwa inu ana anga. Sindifuna kuti iwenso udzasenzetse ana ako mtolo wotere.

Komatu kudulidwa ndalama ndi kwina, kufika kwake ku INSS ndi kwinanso. Ukumbukira malume ako, amene anagwira ntchito zaka zambiri kwa bwana wina ku Tete, akudulidwa mwezi ndi mwezi, koma atapita ndi imvi zawo kukafunsa, anapeza kuti miyezi yochuluka sinalembedwe konse, ndipo analibe ngakhale kapepala kamodzi kowachitira umboni. Chifukwa chake timapepala ta malipiro uzitisunga tonse m'chikwama chosalowa madzi, ndipo kawiri pachaka uzipita wekha ku ofesi ya INSS kukaona ngati zimene anadula zinafikadi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ntchito ikadzatha usadzaleke kusonkha, pakuti ngakhale munthu wodzilemba yekha amaloledwa kupereka 7 yonseyo kuchokera m'thumba mwake.

Za msonkho usaope monga ankaopera agogo ako, amene m'masiku a Apwitikizi ankathawira kuthengo chifukwa cha msonkho wa nyumba, podziwa kuti wolephera kupereka ankagwidwa kupita ku chibalo. Tenga nambala yako ya msonkho ya NUIT, imene imaperekedwa mwaulere ndipo adzakufunsa ku banki ndi kuntchito komwe. Msonkho wa IRPS amaudula malipiro asanafike m'manja mwako, ndipo umakwera monga momwe malipiro akwerera, kuyambira 10 kufikira 32 pa 100, pamene olandira zochepa sawadula. Wina wa IVA, umene kuyambira 2023 uli 16 pa 100, uzikaupereka osauona pa zinthu zambiri za m'sitolo. Chimene Boma liyenera kulandira upereke ndi mtima woyera, koma usatulutse khobidi popanda lisiti, ndipo wina akadzakuuza kuti mungomvana pambali, umukane mwaulemu.

Posunga ndalama usaike zonse pamalo amodzi, chifukwa maso angawa aona ndalama ikusanduka pepala. Mu 2006 metikali inachotsedwa maziro atatu, 1000 yakale nkukhala 1. Mu 2016 inagwa kotero kuti mitengo ya zinthu inathawa anthu. Ndipo mu Novembala 2023, pamene kwacha ya ku Malawi inatsitsidwa ndi 44 pa 100, anzathu a ku Tsangano amene ankasunga makwacha a mbatata zawo m'nyumba anadzuka ali osauka. Tsono tsiku lolandira, usanagule nsapato kapena foni, uyambe wapatula gawo lako monga anachitira Yosefe m'zaka za dzinthu dzambiri ku Aigupto. Lina ulisiye ku banki, likhale lodikira matenda ndi kutha kwa ntchito. Lina uzitumiza kuno pa M-Pesa kapena e-Mola kuti ndizikugulira mbuzi, ndipo zikachuluka tidzazisinthe ndi ng'ombe, zimene ndidzazisunga m'khola langa koma m'dzina lako. Chipereganyu ndi chabwino ngati uli ndi anthu amene udziwa kwawo ndi makhalidwe awo, koma pakhomo pa wakatapila usapondepo, ngakhale zitavuta chotani.

Abale adzakulembera ambiri, ena ndi misozi yeniyeni. Usaumitse mtima, pakuti unaleredwa ndi manja ambiri. Koma udziikire malire a pamwezi a zothandizira abale ndi maliro, ndipo akakwana unene zoona kuti zatha, osakongola kuti utchuke ndi ufulu. Ife makolo ako sitikupempha zambiri: feteleza wa chimanga ndi fizi ya mlongo wako zikapezeka, tidzayamika Mulungu.

Nambala zako za INSS ndi NUIT ukazilandira unditumizire, ndizilembe m'buku limene ndimasungamo mapepala a fodya. Amayi ako ndi azing'ono ako akupereka moni, ndipo tikukupempherera.

Ndine,
Bambo ako