Zikhadabo Zakuda

Bambo anga ndi makaniko pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo manja awo a girizi ndinkachita nawo manyazi. Patchuthi ndinawapeza akudzutsa chiphakasa cha Land Rover. Injini inali yamoyo, koma mapaipi a kumutu kwa ekizozi anali atadyeka. Kwathu nkhungu ya chiperoni imadya chitsulo ngati chiswe.

Tinakafuna ena ku Limbe. Ine ndinaloza onyezimira. Iwo anagogoda imodziimodzi ndi sipanala, namvetsera kulira kwake, nasankha anayi ochindikala. "Akhale ofanana kutalika," anatero, "kuti utsi usapingane."

Atawotcherera, ndinafuna kuonetsa kuti ku Zomba sindipita pachabe. Iwo ali ku fakitale, ndinapaka mapaipiwo penti wotsala wa chitseko. Injini itatentha, pentiyo anafuka, natupa, nasupuka.

Bambo sanakalipe. Anangondipatsa sandipepa. "Pala mpaka chitsulo chiyere, mwanawe. Kenaka tipake wa aluminiyamu, wopirira moto, ndipo injini imuumitse pang'onopang'ono."

Ndinapala masiku awiri. Ndabwerera kuno zikhadabo zili bii, ndipo m'kalasi manja sindikuwabisa.